Madirham 1,500, ampulifaya ya bambo ndi chipinda cha matailosi ku Al Qusais

Mwana wa mnzanga wina, mnyamata wa zaka 23 wobadwira konkuno ku Dubai, anandiimbira foni sabata yomwe analandira malipiro ake oyamba. "Ankolo, inu mumadziwa za makompyuta, ndiye za masipika simungalephere. Mundiperekeze Loweruka." Bambo ake anali atamupatsa ampulifaya yawo yakale ya mawati 40 mbali iliyonse, yomwe inagona zaka zambiri pamwamba pa wadirobu. M'thumba anali ndi madirham 1,500, ndipo anali atasankha kale: masipika awiri aatali kufika m'chiuno, a magetsi othwanima, pabokosi atalemba 3000W ndi zilembo zazikulu. Kwa ine ankangofuna mutu wogwedeza.

Ndinakana, ndipo ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu muli pamphambano yomweyi. Maganizo anga ndi awa: ngati ndalama ndi zowerengeka ndipo mukukhala m'nyumba zosanjikizana ngati za ku Al Qusais kuno, gulani masipika ang'onoang'ono awiri abwino, ogwirizana ndi ampulifaya yomwe muli nayo, ndipo poyesa mumvetsere mawu a munthu woimba kaye, besi pambuyo.

Za 3000W zija, inenso zinandigwira ndisanachenjere. Nditangofika kuno ndinagula chiwailesi cha nambala yotereyi pashopu ina yomwe sinditchula, ndikuganiza kuti ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Nditachitembenuza kunyumba ndinaona kachomata kakang'ono kumbuyo konena kuti chimadya mawati 60 kuchokera kukhoma. Chinthu sichingatulutse mphamvu yoposa yomwe chikulandira. Pulagi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito kuno, yofanana ndi ya ku Malawi, imakhala ndi fyuzi ya 13A pa magetsi a 230V, kutanthauza kuti soketi yonse ikafinyidwa imapereka mawati pafupifupi 3,000. Imeneyo ndi mphamvu ya ketulo yowiritsa madzi. Nambala zikuluzikulu za pabokosi nthawi zambiri zimakhala ndi zilembo PMPO pambali pake, ndipo PMPO ilibe muyezo umodzi womwe makampani onse amatsata. Aliyense amalemba zomwe zamukomera. Chinyengochi n'chakale moti ku America bungwe la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo mu 1974 lokakamiza ogulitsa maampulifaya kunena mphamvu yomwe chipangizo chimapereka mosalekeza. Mukaona RMS kapena continuous, mwayandikira choonadi.

Koma ngakhale mawati enieniwo, si nambala yoyambira kuyang'ana pa sipika. Yoyamba ndi sensitivity, yomwe imalembedwa ngati 87dB, kutanthauza kukwera kwa mawu omwe sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, inu mutaima mita imodzi kutsogolo kwake. Masamu ake ndi osavuta koma ndi ouma mtima. Kuti mawu akwere ndi 3dB yokha, ampulifaya iyenera kupereka mphamvu kuwirikiza kawiri. Kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri, pamafunika pafupifupi 10dB, komwe ndi kuwirikiza mphamvu kakhumi. Choncho sipika ya 84dB imafuna mphamvu kuwirikiza kanayi kuti ifanane ndi ya 90dB. Ampulifaya ya mawati 40 ya mnyamata uja, itapatsidwa sipika ya 87dB, imatha kufika cha m'ma 103dB pa mita imodzi. Pamenepo aneba a m'mwamba ndi a m'munsi akhala atafika kale pakhomo. Pomvera mwa masiku onse pabalaza, ampulifayayo imakhala ikugwiritsa ntchito wati imodzi kapena awiri basi. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pasabata akumvera mawu a 80dB, ndipo mawu akamakwera maolawo amatsika msanga. Makutu muli nawo awiri okha ndipo alibe sipeya.

Nambala yachiwiri ndi impedance, yolembedwa mu ma ohm. Tembenuzani ampulifaya muone zomwe analemba pafupi ndi polumikizira mawaya. Zambiri zakale zimati 8 mpaka 16 ohm, zina 6. Sipika ya 4 ohm imakoka magetsi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya 8, ndipo ampulifaya yosapangidwira katundu wotere imatentha, kuzima yokha, mwinanso kupsa. Ya bambo a mnyamatayo inati 6 mpaka 16, ndiye masipika onse a 4 ohm tinawachotsa pamndandanda tisanamve n'komwe. Pali chinanso chomwe anthu amachitembenuza. Amaopa kuti ampulifaya yamphamvu iphulitsa sipika, pomwe nthawi zambiri wakupha amakhala ampulifaya yaing'ono yomwe yakwezedwa mpaka kumapeto. Ikatopa imayamba kudula nsonga za mawu, zomwe amazitcha clipping, ndipo mawu okhadzulidwawo amawotcha tweeter, kasipika kakang'ono ka pamwamba kotulutsa mawu opyapyala. Mukamva nyimbo yayamba kukanda m'makutu, tsitsani pomwepo.

Tsopano chipinda, chomwe ogulitsa sakufunsani. Nyumba za ku Al Qusais mukuzidziwa: makoma a konkire, pansi matailosi, zenera lalikulu la galasi, AC ikung'ung'udza usana ndi usiku, ndege za pabwalo la Dubai International zikudutsa pafupi. Chilichonse m'chipinda chotere chimabweza mawu. Chipinda cha mnyamatayo ndi cha mamita 4 mulitali ndi 3.5 mulifupi. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pasekondi, ndipo mukagawa nambalayi ndi kutalika kwa chipinda kuwirikiza kawiri mupeza pomwe chipindacho chimalira chokha: 43Hz mulitali, 49Hz mulifupi. Mukaika chisipika chachikulu chotsika bwino mpaka kumeneko, makamaka pakona, manotsi ena a besi amafufuma kuposa anzawo ndipo nyimbo iliyonse imamveka ngati ng'oma imodzi ikugunda mumgolo. Besi yomweyo ndi imene imaboola khoma kupita kwa aneba, pomwe mawu opyapyala amatsalira mkati. Sipika yaing'ono ya woofer ya mainchi 5 kapena 6 siivutitsa chipinda chotere, ndipo khoma limaithandiza pang'ono kumunsiko mwaulere.

Palinso nkhani ya komwe ndalama zanu zapita. Pa madirham 1,500, wopanga masipika aatali okhala ndi timasipika tinayi mbali iliyonse wagawa ndalamazo pa matabwa ambiri, timasipika tisanu ndi titatu ndi magetsi othwanima. Wopanga aang'ono wagawa pa timasipika tinayi ndi bokosi laling'ono lolimba. Gogodani bokosilo ndi chala. Likalira ngati chitseko cha kabati, lizidzaimba limodzi ndi nyimbo zanu. Makampani ena akhala akupikisana kwa zaka zambiri pa masipika aang'ono otsika mtengo: Wharfedale, yomwe Gilbert Briggs anaiyambitsa ku Yorkshire mu 1932, ili ndi mtundu wa Diamond kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ELAC inatulutsa Debut mu 2015 wopangidwa ndi Andrew Jones, palinso Q Acoustics ndi ena. Sindikukuuzani kuti mugule dzina. Ndikungonena kuti pamtengo uwu mpikisano weniweni uli pa aang'ono.

Chifukwa chomwe ndimakakamira pa mawu a woimba n'chakuti ambiri mwa inu Chichewa mumachimva kwa makolo ndi m'nyimbo, kwina kulikonse ndi Chingerezi ndi Chiarabu. Chichewa chimadalira kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, koma pakamwa amasiyana, ndipo khutu la mwana wokulira ku Ndirande limagwira kusiyanako osaganiza n'komwe. Phata la mawu a mwamuna limakhala cha pakati pa 85 ndi 180Hz, la mkazi pamwamba pang'ono, ndipo kumveka bwino kwa zilembo monga ts, ch ndi ph kumadalira dera la 2,000 mpaka 4,000Hz. Masipika opangidwira kukopa munthu m'masekondi khumi pashopu amafufumitsa besi cha pa 100Hz ndi kuthwetsa pamwamba kwambiri, pakati n'kusiyapo dzenje. M'dzenjemo ndi momwe mumagwera mawu. Nyimbo za Lucius Banda, yemwe anatisiya mu June 2024, kapena za Evison Matafale, yemwe anamwalira mu 2001, anthu ankazikonda chifukwa cha zomwe zinkanena. Za Allan Namoko zinajambulidwa ndi zipangizo zosavuta, banjo ndi mawu ndi timang'oma, ndipo pa sipika ya dzenje pakati pamangotsala phokoso. Makolo anu anamvera zonsezi pa wailesi ya Nzeru ya mabatire, yopanda besi ndi pang'ono pomwe, koma mawu onse anawamva ndipo mpaka lero amawakumbukira.

Choncho popita kukayesa, tengani nyimbo zitatu kapena zinayi zomwe mumazidziwa bwino, imodzi ikhale ya mawu ndi gitala yokha, monga za Giddes Chalamanda, ndi ina ya kwaya. Pemphani kuti azimitse zonse zowonjezera besi. Ndipo chenjerani ndi ichi: poyerekeza masipika awiri, yomwe yakwera pang'ono imamveka ngati yabwino, ngakhale isali. Wogulitsa wochenjera amadziwa. Pali mapulogalamu aulere a pafoni oyeza ma dB. Sali olondola kwenikweni koma amakwana kufananitsa awiriwo. Maso nawo amanama. Floyd Toole ndi Sean Olive, akugwira ntchito ku kampani ya Harman, anaonetsa mu 1994 kuti anthu akamaona masipika amawapatsa mamalikisi osiyana ndi omwe amapereka masipika omwewo atabisidwa kuseri kwa nsalu, ndipo aakulu ndi okwera mtengo ndi omwe ankapindula ndi maso. Ine ndinamuuza mnyamatayo atembenuke ayang'ane kukhoma, ine n'kumasintha. Funsaninso ngati amalola kubweza, chifukwa mayeso enieni ali kunyumba kwanu, ndipo funsani ngati mtengo waphatikiza kale msonkho wa VAT wa 5 peresenti womwe unayamba mu January 2018.

Za kaunjika musazinyoze. Dubai ndi mzinda wa anthu obwera ndi kupita, ndipo wosamuka sanyamula masipika pandege. Pa Dubizzle mumapezeka zinthu zabwino pamtengo wotsika kwambiri. Koma kutentha kwa kuno n'koipa pa masipika omwe anasungidwa mosungira katundu mopanda AC. Chotsani kansalu kakutsogolo muone mkombero wofewa wozungulira woofer. Ukakhala wa siponji umafumbutuka ndi zaka, wa labala umalimba ndi kung'aluka. Kankhani woofer pang'onopang'ono ndi zala mozungulira pakati pake, isamveke kukhula. Ikani khutu pa tweeter iliyonse mumve ngati ikulira. Wogulitsa akakana kuti muyatse, bwererani ndi ndalama zanu.

Ndikudziwa zomwe mukufuna kundiyankha, chifukwa mnyamatayo anandiyankha zomwezo m'sitima ya Green Line tikubwerera. "Ankolo, ine ndimamvera amapiano. Popanda besi palibe nyimbo." Apa ali ndi mfundo, ndipo sindikana. Besi ya amapiano imatsika komwe sipika ya mainchi 5 siifika mokwanira. Koma yankho lake ndi subwoofer yomwe mungagule pambuyo pake mukapeza zina, yokhala ndi kobowola kake, yoti usiku muitsitse, masana Loweruka muikweze. Besi yowonjezera imagulika chaka chamawa. Dzenje la pakati pa sipika yoipa silikwiririka ndi chilichonse chomwe mungagule. Ndipo ngati cholinga chanu ndi phwando la anthu makumi asanu pa tsiku la 6 July, masipika a m'nyumba si ntchito yake. Bwerekani a zisangalalo tsiku limodzi. Winanso anganene kuti bwanji osangogula masipika okhala kale ndi ampulifaya mkati ndi Bluetooth yomwe. Ngati mulibe ampulifaya, ameneyo wanena zoona, ndipo pa ndalama zomwezi mwina ndi njira yabwino koposa. Koma uyu anali nayo kale, yogwira bwino, yaulere.

Pomwe sindigonja ndi pa mawaya. Musalole munthu akugulitseni waya wa madirham mazana atatu pa masipika a chikwi chimodzi. Waya wamba wa kopa wonenepa 1.5 kapena 2.5mm ndi wokwanira pa mamita ochepa a m'chipinda. Ndalama zotsalazo zipite pa zoikapo masipika zolimba, kuti tweeter ifanane ndi khutu lanu mutakhala pansi, ndi kapeti yokhuthala pakati pa inu ndi masipikawo. Atalikitseni pang'ono kukhoma, makamaka ngati ali ndi bowo lopumira kumbuyo, ndipo mtunda wa pakati pa awiriwo ufanane ndi wochokera pa iliyonse kufika pomwe mumakhala. Zimenezi ndi zaulere ndipo zimasintha mawu kuposa kuwonjezera madirham 500.

Mnyamatayo anagula aang'ono a kaunjika a 8 ohm kwa munthu wina wa ku Al Nahda yemwe ankasamuka, pa madirham 900. Zoikapo ndi kapeti zinadya 400, waya 40, zotsalazo anasunga. Sanakhutire kwathunthu, ndipo mpaka pano amanditumizira zithunzi za ma subwoofer pa WhatsApp pakati pa usiku. Koma Lamlungu lapitali bambo ake anandiuza kuti analowa m'chipindamo atamva nyimbo ya Alleluya Band, ndipo mwanayo anaimitsa pakati n'kuwafunsa tanthauzo la mawu awiri omwe kale ankangowang'ung'udza.