Zigamba za kwa telala ndi chisanu cha ku Misuku

Tikambeko za chisanu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumapiri a Misuku, ngakhalenso ku Nthalire kufupi ndi Nyika, kumazizira kosasewera. Mnyamata akayendayenda thupi limafunda, koma gogo wokalamba amangonjenjemera mpaka dzuwa litakwera.

Kumaiko ena kuli nyumba zosungirako okalamba, ndipo amayi amasonkhana kuwasokera zofunda za zigamba. Kuno ku Chitipa agogo athu ali m'midzi, ena akulera zidzukulu zamasiye, bulangete limodzi akulimbirana. Ndiye amagona atayandikira moto, ndipo ngozi yake, makamaka m'nyumba yofolera udzu, tonse tikuidziwa.

Lamulo loteteza okalamba lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2024 n'labwino. Nazonso ndalama za Mtukula Pakhomo zimathandiza, kungoti zimathera ku ufa, mchere ndi sopo, bulangete n'kutsalira.

Komatu pitani pakhonde la telala aliyense pa boma, muone zidutswa za chitenje zomwe zimasesedwa n'kutenthedwa. Amayi a Umanyano, inunso amayi a mipingo ina, katoleni zimenezo. Zilumikizeni kuti musokere agogo chofunda, pakati muyalepo bulangete lotha kapena majuzi akale a pakaunjika, kunsi muike nsalu imodzi yathunthu. Musoke mizere yodutsana kuti zamkatizo zisaunjikane pochapa. Chimene chimafunditsa ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa nsaluzo, choncho chofundacho musachilemetse mpaka gogo alephere kuchinyamula. Chipewa ndi masokosi muonjezerepo. Ntchitoyi njofunika kuiyamba mu Epulo, chimanga chisanakololedwe.