Kunja kwatentha, koma turbo yanu sikufuna 20W-50

October akangofika, pali malangizo amene amayamba kuzungulira m'magalaja ndi m'magulu a WhatsApp a eni magalimoto: kunja kwatentha, thirani oyilo wolemera. Ena amachita kutchula nambala, 20W-50, ngati mankhwala a matenda onse. Ngati mumayendetsa Corolla yakalekale, malangizowa mwina sangakupwetekeni. Koma ngati kumbuyo kwa galimoto yanu kwalembedwa TSI kapena DIG-T, kapena mukudziwa kuti ili ndi turbo, ndikupempheni muyambe mwaima kaye.

Magalimoto a turbo achuluka kuno, kungoti ambirife sitikuzindikira. Kale turbo inali ya ma pick-up a dizilo ndi ma Subaru a anyamata okonda liwiro. Pano Polo ndi Golf za TSI, Toyota C-HR ndi Auris za 1.2, Honda Step WGN ya 1.5 yotuluka kuyambira 2015, Mazda CX-5 ndi Demio za dizilo, zonsezi zili ndi turbo. Timazikonda chifukwa sizimwa mafuta: kainjini kakang'ono, mphamvu ngati za injini yaikulu. Chimene ogulitsa satiuza n'choti injini zoterezi zimasankha oyilo.

Chifukwa chake nachi. Turbo ndi timapiko tiwiri tolumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza mbali imodzi, mbali inayo n'kumakankhira mpweya wambiri mu injinimo. Kachitsuloka kamatha kuzungulira kupitirira ka 150,000 pa mphindi imodzi, ndipo pa injini ya petulo utsi wozunguzawo umafika madigiri 900. Pa ma turbo ambiri, kachitsulo kameneka kamayandama pa oyilo basi, yemwe amafika podzera m'kapaipi kowonda. Oyilo akachedwa kufika, chitsulo chimakhuzana ndi chitsulo. Akapsa n'kusanduka makala, kapaipi kaja kamatsekeka. Mapeto ake ndi amodzi: kulira kwachilendo, utsi wabuluu kumbuyo, kenako kuyamba kufunsa mitengo ya turbo ku Johannesburg kapena ku Dubai.

Tsopano manambala aja. Pa 5W-30, nambala yoyamba ikunena mmene oyilo amayendera injini ili yozizira, monga mukamailiza m'mawa. W akuimira mawu a Chingerezi a nyengo yozizira. Yachiwiri ikunena kulemera kwake atatentha, ndipo amamuyeza pa madigiri 100. Apa ndi pamene malangizo a October amagwera. Injini ikatentha, rediyeta ndi thermostat zimaisunga cha m'ma 90, kaya muli ku Dedza mu June kapena ku Ngabu mu November. Dzuwa la ku Chigwa cha Shire, lofika madigiri 40 lija, limawonjezerako ndithu kutentha kwa oyilo, sindikukana. Koma si loti n'kukudumphitsani kuchoka pa 30 kufika pa 50. Oyilo amene tsiku ndi tsiku amadutsa pafupi ndi utsi wa madigiri 900 sangadabwe ndi Nsanje.

Oyilo wolemera kwambiri amachedwa kukwera m'timipata topapatiza ta injini zamakonozi, makamaka masekondi oyambirira mukangoliza. Komanso 20W-50 wambiri amene ali pa msika ndi wa mineral, yemwe amapsa msanga poyerekeza ndi wa synthetic. Ndiye mumalipira zochepa lero, kwinaku mukuwotcha makala pang'onopang'ono mkati mwa turbo.

Kodi ndiye kutentha kulibe ntchito? Kuli nayo, koma malire ake ali m'buku la galimotoyo. Mabuku ambiri sapereka nambala imodzi. Mupeza akuti 0W-20 ndiye woyenera, koma 5W-30 ndi wololedwanso. A Volkswagen kawirikawiri ndi 5W-30 kapena 5W-40. Ine maganizo anga, ngati buku lalola ziwiri ndipo inu mumakhala kotentha, mumanyamula katundu kapena kukwera mapiri, tengani yolemerapoyo. Kupitirira pamenepo ayi.

Ndikudziwa, buku la galimoto yochokera ku Japan limakhala la Chijapanizi, ndipo ambiri limangogona mu dashibodi ndi malisiti akale. Foni muli nayo m'manjayo ndi yokwanira. Tsegulani Google Lens, lozani pa masamba a kumapeto pamene pali tebulo la manambala, muwerenga bwinobwino.

Mukapita kogula, tembenuzani chigubu. Zilembo za kumbuyo n'zofunika kuposa dzina la kampani lolembedwa mwakukulu kutsogolo. Pa turbo ya petulo ya ku Japan, yang'anani API SP, muyezo umene unayamba mu 2020, kapena SN Plus wa 2018. Miyezo iwiriyi inabwera chifukwa cha vuto lenileni: mu injini zazing'ono za turbo zopopera petulo mwachindunji, nthawi zina mafuta amayaka okha nthawi isanakwane, makamaka mukaponda moto kwambiri injini ikuzungulira pang'onopang'ono, monga pokwera chitunda pa giya yaikulu. Kuphulika kotereku kumatha kuswa pisitoni, ndipo mtundu wa oyilo umathandizira kuti kuchitike kapena kusachitike. A Polo ndi Golf, inu fufuzani VW 502 00 kapena 504 00.

A dizilo nkhani yanu ndi ina. CX-5, Demio ndi dizilo zina zatsopano zili ndi sefa yogwira mwaye ku ekizozi, yotchedwa DPF. Zimenezi zimafuna oyilo wosasiya phulusa lambiri, wolembedwa JASO DL-1 kapena ACEA ya gulu la C, malinga ndi buku. Mlamu wanga anamuthirira 15W-40 wa malole mu CX-5 yake pa galaja ina, makanikoyo akuti, "Madala, dizilo ndi dizilo basi." Sefa ija inayamba kudandaula chaka chisanathe. Makaniko ameneyu si woipa ayi, anaphunzirira ntchito pa injini zina, ndipo pa injini zimenezo amanena zoona.

Za nthawi yosinthira, musatengere za ku Ulaya. Fumbi, mizere ya magalimoto ya mu Limbe ndi pa mlatho wa Lilongwe, timaulendo tatifupitifupi ta kunyumba ndi ku ntchito, zonsezi mabuku a ku Japan amaziika m'gulu la kayendetsedwe kovuta, ndipo pamenepo mtunda wosinthira amaudula pakati. Ine ndimati turbo ya kuno isapyole makilomita 5,000 kapena miyezi 6, fyuluta n'kusinthira limodzi. Synthetic ndi wodula, eya, makamaka masiku ano a mavuto a ndalama zakunja. Kudulako n'kumenenso kwachulukitsa wachinyengo, choncho wa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu uja mulekeni. Gulani chigubu chomata, ndipo ku sevisi achitsegule inu mukuona. Si mwano kunena kuti, "Achimwene, ndabwera naye ndekha oyilo, thirani ameneyu."

Kotsala ndi kayendetsedwe. M'mawa musaponde moto mwaukali mphindi zoyambirira. Mukakwera chitunda cha Chikwawa, Golomoti kapena Chiweta n'kufuna kuima pamwamba, musathimitse nthawi yomweyo: injini ikazima oyilo amasiya kuyenda, wotsalira mu turbo yotenthayo n'kuyamba kupsa. Isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri. Ndipo masabata awiri alionse solorani kandodo koyezera oyilo kaja galimoto ili pamalo osapendekeka, chifukwa ma turbo ena amamwa oyilo pang'onopang'ono osadontheza n'komwe pansi.