Kodi petulo wotchipa wa lero ndiye atisankhire galimoto ya mawa?

Pa Chiponde petulo alibe mtengo umodzi. Pali mtengo umene bungwe la MERA limalengeza ku Lilongwe, pali wa kutsidya ku Mandimba umene amawerengera ndalama ya ku Mozambique, ndiye pali wa m'zigubu ndi m'mabotolo a m'mbali mwa msewu umene umasintha tsiku ndi tsiku. Zaka zina zigubu zimalowa kuno, zaka zina zimatuluka, malinga ndi mbali imene mafuta atchipa komanso mmene kwacha ikusinthidwira pamsika. Mafuta akangopezeka mosavuta, nkhani pa siteji imasinthanso. Mwini Toyota Aqua kapena Honda Fit ya hybrid, amene anzake ankamusirira pa nthawi ya mizere, amayamba kumva malangizo akuti: "Kagalimoto aka gulitsani, achimwene, mugule yaikulu. Mafuta si awa ali mbwee?"

Funso lathu ndi ili: kodi ndi nzeru kuti mtengo wa sabata ino utisankhire galimoto imene tidzayende nayo zaka zisanu kapena khumi?

Mtima umenewu si wa pa Chiponde pokha. Pakati pa chaka cha 2014 mgolo wa mafuta osayenga unkagulidwa pa madola oposa 100 pamsika wa dziko lonse, koma pofika mu Januwale 2016 unatsika mpaka pansi pa madola 30. Chaka chomwecho kampani ya Edmunds, imene imatsatira malonda a magalimoto ku America, inapeza kuti mwa anthu khumi alionse amene ankasinthitsa galimoto ya hybrid kapena yamagetsi, amene ankatenganso ya mtundu womwewo sankakwana atatu. Ambiri ankathamangira zimagalimoto zikuluzikulu zomwa mafuta. Koma America amakumba mafuta ake, amayenga okha, ndipo amalipira ndi dola yawo. Nanga ife, amene mafuta athu ambiri amachita kubwera kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, tingatsanzire khalidwe limeneli podalira chiyani?

Tikumbutsane mmene mtengo wayendera kuno kwathu. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo padziko lonse, lita ya petulo inatsika mpaka pansi pa K700. Amene anagula galimoto yaikulu chaka chimenecho ankaona ngati wachenjera. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo lita inafika pa K2,530. Mtengo umenewo unakhala osasintha pafupifupi zaka ziwiri, mpaka mu Okutobala 2025 pamene unakwera kufika pa K3,499. M'zaka ziwiri zimenezo petulo wa ku Malawi ankaoneka wotchipa papepala, koma ndi angati ankamupeza pa mtengo umenewo? Anthu ankagona pa mzere m'malo omwetsera mafuta, ena n'kumagula kwa mavenda pa mtengo wokwera kwambiri. Kodi mafuta amene mtengo wake ndi wotsika koma pampu ili youma tingawatche otchipa? Akuluakulu akukumbukanso 2011 ndi 2012, pamene kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kunali pakati pa zifukwa zimene anthu anatulukira m'misewu pa 20 Julayi 2011. Pakadafunda padajiwitsa galu. Kutchipa kwa mafuta m'dziko losakumba mafuta ndi kwa kanthawi, ndipo mbiri yathu yatiuza zimenezi mobwerezabwereza.

Tsono tione galimoto ya hybrid pa msewu wathu womwe uno. Kuchoka pa Chiponde kudutsa pa Namwera mpaka pa boma la Mangochi ndi makilomita pafupifupi 50. Aqua ikamatsika mapiri a Chowe, injini imazima yokha, matayala n'kumapukusa mota imene imadzaza batire. Mphamvu imene galimoto wamba imatayira m'mabuleki otentha, iyo imasunga n'kukaigwiritsa ntchito ikafika pa chigwa. Ikaima pa chipata kudikira mapepala, injini imakhala chete osamwa kanthu. Tiyerekeze galimoto ziwiri, ina yoyenda makilomita 10 pa lita, ina makilomita 20. Ulendo wopita ndi kubwera, yoyambayo yamwa malita khumi, yachiwiriyo asanu. Mtengo ukwere kapena utsike, malita asanu otsalawo ndi a mwini galimoto. Tsiku limene pa malo omwetsera adzanene kuti aliyense malita 20 basi, wina adzayenda maulendo awiri, mnzake anayi. Ndani mwa awiriwa adzapitirize kunyamula anthu opita kuchipatala cha Mangochi sabata ya chilala cha mafuta?

Komabe tisanamize anthu kuti onse ogulitsa hybrid zawo anyengedwa ndi zigubu. Ambiri atopa ndi mavuto enieni, ndipo mavutowo ali ndi eni ake oyenera kuyankha.

Galimoto zambiri za mtundu umenewu zimabwera kuchokera ku Japan zitayenda kale zaka zambiri. Aqua inayamba kupangidwa mu 2011, Prius mu 1997. Batire yake yaikulu imakhala itakalamba isanaone n'komwe fumbi la kuno. Mu Aqua batireyo ili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo imazizidwa ndi kafani kokoka mpweya m'kati mwa galimoto. Fumbi la msewu wa ku Katuli likadzaza pa kafaniko, kapena thumba la chimanga likatseka polowera mpweya, batire imatentha ndi kufooka msanga. Tsiku lina nyali yochenjeza imayaka pa dashibodi, galimoto n'kuyamba kulemera pokwera phiri. Mwini wake apita nayo kwa makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, munthu waluso amene amadziwa injini ya petulo bwino lomwe. Makanikoyo akaona mawaya a mtundu wa olenji, amene amanyamula magetsi otha kupha munthu, amabwerera m'mbuyo, ndipo akuchita bwino kutero. Yankho limakhala lakuti pitani nayo ku Blantyre. Kodi munthu amene wapukusa galimoto mpaka ku Blantyre chifukwa cha kafani kodzaza fumbi tingamudzudzule akadzati sadzagulanso hybrid?

Ndiye tikufunsa a TEVETA ndi aphunzitsi a m'masukulu a ntchito zamanja monga Nasawa ndi Soche: ndi anyamata ndi atsikana angati amene akutuluka m'manja mwanu akudziwa kuyeza batire ya hybrid, kupeza chigawo chimene chafooka ndi kuchisintha popanda kuika moyo wawo pa chiswe? Nanga amakaniko amene ali kale pa ntchito pa Namwera ndi pa Chiponde, ndani akuwaitanira maphunziro a masabata ochepa kuti asataye makasitomala? Tikufunsanso amalonda oitanitsa magalimoto: n'chifukwa chiyani wogula mumamuuza za mtundu wa penti ndi makilomita a pa wotchi, koma osamupatsa pepala losonyeza thanzi la batire? Ndipo batire ikafa, ikutayidwa kuti? M'dzala la kuseri kwa galaja, mmene mvula idzakokolole zotsalira zake kupita nazo ku mitsinje yotsikira m'nyanja ya Malombe?

Za galimoto yamagetsi okhaokha, tinene zoona: pa Chiponde lero ndi ochepa amene angaikwanitse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja ounikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse m'dziko muno. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima wake tinakhala nawo mpaka chaka chotsatira. Munthu amene anaona zimenezo ali ndi chifukwa chokayikira. Komatu taganizirani madzi amene amadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi. Madzi omwewo ndiwo amakapukusa makina a EGENCO ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Dzuwa limene limawamba usipa m'mphepete mwa nyanja ndi lomwe likupanga mamegawati 60 ku Salima ndi 20 ku Golomoti. Magetsi amenewa ndi athu, pamene mafuta amadya madola pafupifupi 50 miliyoni mwezi uliwonse, ndalama zomwe zikufunikanso pogula mankhwala ndi feteleza. Kodi boma la Mangochi, kumene Shire amayambira, liyenera kukhala lomalizira kuyendera mphamvu ya mtsinje wake?

Poyambira pake si galimoto ya bwana, koma njinga yamoto ya kabaza. Anyamata a kabaza ndiwo amanyamula anthu ndi katundu pakati pa Chiponde ndi Mandimba, ndiwonso makasitomala aakulu a petulo wa m'mabotolo, amene nthawi zina amakhala wosakaniza ndi palafini kapena madzi, n'kupha injini, osanenanso za ngozi ya moto m'nyumba zosungiramo zigubu. Ku Kigali, kampani ya Ampersand inakhazikitsa malo amene woyendetsa njinga yamagetsi amasiya batire yakutha n'kutenga yodzaza m'mphindi zochepa. Ku Nairobi kampani ya Roam ikupanga njinga zamagetsi. Dziko la Ethiopia, limene lili ndi magetsi ambiri a madzi koma ndalama zakunja zochepa, linaletsa mu 2024 kuitanitsa galimoto za anthu wamba zoyendera petulo ndi dizilo. Sitikunena kuti Malawi achite chimodzimodzi mawa. Tikufunsa kuti: chikuletsa n'chiyani kuti pa Chiponde, pa Namwera ndi pa boma la Mangochi pakhale malo atatu osinthira mabatire, oyendera sola masana ndi magetsi a ESCOM usiku? Khonsolo ya Mangochi, imene imatolera ndalama za msika tsiku lililonse, yalingalirapo zopereka malo a ntchito imeneyi? Mabanki ndi magulu obwereketsa ndalama, amene amakongoza kale njinga za petulo, akudikira chiyani?

A MERA nawonso ali ndi funso lawo. Mtengo wa pa pampu ukasungidwa pansi mwadala kwa miyezi yambiri, amene amapindula kwambiri ndi amene amamwetsa malita ochuluka komanso amene amaolotsa zigubu usiku. Mayi wogulitsa tomato amalipirabe mtengo wa venda kudzera pa kabaza. Choipa china n'chakuti mtengo wonamawo umaphunzitsa anthu kuti kusunga mafuta kulibe phindu. Kodi tingayembekezere kuti munthu akakamire galimoto yosamwa mafuta pamene mtengo ukumuuza kuti kumwaza kulibe mlandu? A MRA ndi a ku Unduna wa Zachuma, kodi msonkho wa batire yatsopano ya hybrid ndi zipangizo zotchajira mwauika poyera ndi pokhazikika, kuti woitanitsa athe kuwerengera za zaka zisanu osaopa kuti bajeti yotsatira idzamutembenukira?

Ife tikuima apa: munthu sakakamira galimoto chifukwa cha ulaliki. Amaikakamira ngati makaniko ali pafupi, sipeya ikupezeka, batire ili ndi chitsimikizo, ndipo ndalama yotsala m'thumba akuiona mwezi ndi mwezi. Zinthu zimenezi zikakhalapo, kutsika kwa mtengo wa petulo sikudzagwedeza aliyense. Zikapanda kukhalapo, ngakhale kukwera kwa mtengo sikudzamubweza amene anakhumudwa kale.

Kwa inu bambo kapena mayi amene muli ndi Aqua, Fit kapena Prius ndipo mwapeza wogula, musanalandire ndalamazo khalani pansi ndi cholembera. Lembani malita amene mumamwetsa pa mwezi, muwirikize kawiri monga idzamwere galimoto yaikulu mukuisirirayo, kenaka muwerengere pa mtengo wa venda wa nthawi ya mizere, osati wa sabata ino. Muonjezerepo mtengo wotsukitsa kafani ka batire, muone mbali imene yalemera. Kwa aphungu a nyumba ya malamulo ndi makhansala a dera lino, tikupempha kuti pa msonkhano wotsatira wa khonsolo nkhani ya maphunziro a amakaniko ndi malo osinthira mabatire ilembedwe pa mndandanda wa zokambirana. Ngati simuiika tsopano pamene anthu akutha kuyenda, mudzaiika liti?