Chithokomiro si matenda amodzi

Mayi wa kwa Nthache ku Mwanza akatupa pakhosi, mudzi suchedwa kugamula mlandu. Ena ati walodzedwa, ena amuperekeza kwa sing'anga kukatemera mphini. Ife tikuti nkhaniyi ikukhudza anthu awiri amene kawirikawiri sakhala pa mphasa imodzi: wogulitsa mchere pamsika ndi wophunzira za udokotala.

Pakhosi pa munthu aliyense pali kachiwalo kotchedwa thyroid. Kameneka kamapanga mahomoni amene amalamula liwiro la thupi: kagundidwe ka mtima, kutentha kwa thupi, ngakhale kakulidwe ka ubongo wa mwana ali m'mimba. Kuti kagwire ntchito kamafuna ayodini, pang'ono chabe, mamaikrogiramu 150 patsiku kwa munthu wamkulu, 250 kwa mayi woyembekezera. Kakamusowa kamakula pofunafuna, ndiye chithokomiro chija. Chinangwa chowawa chosaviika bwino chimaonjezera vutoli.

Apa ndi pamene inu amalonda mukulowa. Dziko lino linakhazikitsa lamulo la mchere wa ayodini mu 1995. Koma lamulo lili pa pepala, mchere uli m'thumba lanu. Mwanza ndi chipata, katundu wochokera ku Mozambique amadutsa pa Zobue tsiku ndi tsiku, ndipo wopikula amayang'ana mtengo basi. Funsani ngati mcherewo uli ndi ayodini. Mukagula, musauyanike padzuwa tsiku lonse kapena kuusiya pachinyezi thumba lili pululu, chifukwa ayodini amachepa. Mwana wobadwa kwa mayi wosowa ayodini akhoza kukhala wosagwira mutu m'kalasi moyo wake wonse, ndipo khosi la mayiyo mwina silinatupe n'komwe. Phindu la makwacha angapo lingalipire zimenezo?

Tsono mchere suchiza chithokomiro chilichonse, ndipo mawu otsalawa ndi anu ophunzira a ku KUHeS, sukulu imene mbali yake ina inayamba ngati College of Medicine ku Blantyre mu 1991. Pali wodwala amene thyroid yake ikuthamanga mopitirira. Amadya kwambiri koma akungowonda, mtima uli thi thi thi, manja akunjenjemera, thukuta ngakhale mu June, nthawi zina maso otong'oka. Kuno kwathu munthu akawonda tonse timathamangira kuganiza za Edzi kapena TB. Kuyeza zimenezo n'koyenera ndithu. Koma zotsatira zikabwera zabwino, musamubweze ndi panado eti "mwangotopa, mayi". Gwirani mkono muwerenge kugunda kwa mtima. Muuzeni atambasule manja muone zala. Mupatseni madzi ameze, muone ngati chotupacho chikukwera ndi kutsika. Zonsezi sizifuna magetsi.

Wina ndi wosiyana kotheratu: thyroid yafooka, munthu akunenepa, akumva kuzizira, khungu louma, tulo tosatha, msambo wasokonekera. Apongozi ati ndi ulesi. Woyamba uja amafuna carbimazole woti achepetse mahomoni, wachiwiriyu amafuna levothyroxine woti awaonjezere, kawirikawiri moyo wake wonse. Mukasinthanitsa, mwavulaza munthu. N'chifukwa chake kuyeza magazi kuona TSH ndi T4 si mwanaalirenji ayi. Ndipo chotupa cholimba, chokula msanga, chosintha mawu kapena chotsekereza mpweya, chimenecho musachedwe nacho, chipite kwa madokotala a opaleshoni.

Vuto ndi mtunda. Kuchoka pa boma la Mwanza kukafika ku Queens ndi makilomita pafupifupi 100, osawerengera ulendo wochokera kumudzi. Mayi wogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu sangataye ndalama ya thiransipoti kawiri katatu pongotsatira pepala la zotsatira. Oyandikana nawo a ku Neno, mothandizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo limene lili kumeneko kuyambira 2007, anaonetsa kuti matenda okhalitsa monga shuga wofuna insulin angathe kusamalidwa pa chipatala cha boma laling'ono, ndi makiliniko ofisala ndi anamwino ophunzitsidwa bwino.

Tikupempha a Unduna wa Zaumoyo kuti thyroid nayo ilowe mu dongosolo lotere: magazi atengedwe ku Mwanza konko, ayende okha pa galimoto ya chipatala, zotsatira zibwerere, ndipo mankhwala awiri aja apezeke pa shelefu wodwala akabwera kudzatenga mwezi ndi mwezi.