MASAMU A KU SEKONDALE: POBWEREZA, TIYAMBIRE PATI?

Mwina mudabwa kupeza nkhani ya masamu a ku sekondale m'buku la kaphunzitsidwe ka Cinyanja, pamene inu mukukonzekera kukaphunzitsa ana a ku pulaimale. Cifukwa cake n'cakuti mukadzatumizidwa ku sukulu ya kumudzi m'boma la Katete, la Sinda kapena la Vubwi, anthu sadzafunsa kuti munaphunzira kuphunzitsa giredi iti. Kwa iwo ndinu aphunzitsi basi. Pa holide ya mu Ogasiti, pamene Acewa ali kalikiliki kukonzekera mwambo wa Kulamba ku Mkaika, anyamata ndi atsikana a ku sekondale amabwerera kwao atasenza makope, mayeso atatsala miyezi iwiri. Kholo lidzafika pakhomo panu mwana ali pambuyo, nilidzati, "Aphunzitsi, tathandizeniko mwanayu, masamu akumuvuta." Enanso mwa inu muli ndi abale amene akulembanso masamu pa mayeso a GCE kuti apeze khirediti imene inawatsekera khomo la ku koleji. Onsewa funso lao ndi limodzi: nthawi yacepa, mitu yaculuka, tiyambire pati?

Ine ndikuti yambirani pa zinthu ziwiri: mitu imene inasenza inzake, ndi mau amene mafunso amafunsidwira. Zonse ziwiri zili m'manja mwa mphunzitsi wa ku pulaimale.

Njira zitatu zimene zimataya ana

Ophunzira ambiri amayamba ndi kulosera. Amasonkhanitsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, nawerenga kuti mutu wakuti wabwera kangati, kenaka amagamula kuti, "Caka cino kubwera earth geometry, koma vectors sabwera." Ena alibe ndondomeko ngakhale pang'ono: lero ali pa matrices, mawa pa trigonometry, mkuja amva kuti mnzao wa ku Chassa akucita statistics, naonso athamangira komweko. Awa ndiwo aja a ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Gulu lacitatu limangodikira pepala lobedwa. Awa muziwakumbutsa za mu Okutobala 2018, pamene Unduna wa Maphunziro unaimitsa mayeso kwa kanthawi, pepala la masamu la Giredi 9 litafalitsidwa pa mafoni. Amene anasauka ndi ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe.

Kuti muone kuperewera kwa kulosera, yang'anani mmene bungwe la Examinations Council of Zambia lakhala likukonzera masamu a Giredi 12. Mapepala ndi awiri. Loyamba ndi la maola awiri, lili ndi malikisi 80. Mafunso ake ndi aafupi, onse ndi oyenera kuyankhidwa, ndipo kalikuleta saloledwa. Laciwiri ndi la maola awiri ndi theka, lili ndi malikisi 100. Gawo lake loyamba, la malikisi 52, mwana ayenera kuliyankha lonse; m'gawo laciwiri ndimo asankha mafunso anai mwa asanu ndi limodzi, lililonse la malikisi 12. Tsono mwa malikisi 180 a pa mapepala awiriwa, 132 alibe cosankha, ndipo kulosera kungathandize pa 48 okha. Dongosolo latsopano la maphunziro la mu 2023, limene linayamba kugwira nchito mu 2025, lasintha magiredi a ku sekondale kukhala mafomu. Motero musanathandize mwana, funsani kaye silabasi imene akulembera. Koma maina a makalasi angasinthe cotani, masamu samangidwa mwatsopano: mutu wina umakhalabe pamwamba pa unzake.

Mitu imene inasenza inzake

Denga la nyumba limaoneka patali, koma cimene cimaligwira ndi mzati. Mizati ya masamu a ku sekondale ndi iyi: fraction, desimo, peresenti, ratio, manambala a negative, ndi algebra yoyambirira, ndiko kuti kusuntha zilembo ndi manambala popanda kusokoneza zizindikiro. Yambiri mwa iyi mwana amakumana nayo asanacoke ku pulaimale.

Taonani zitsanzo. Mtsikana waloweza bwino lamulo lopezera determinant ya matrix. Afika pamene ayenera kuculukitsa 3 ndi −2, n'kucotsapo zotsatira za 4 kuculukitsa ndi −1. Yankho ndi −6 + 4, ndiye −2. Iye alemba −10. Kodi cimene camugwetsa ndi matrix? Iai, ndi cizindikiro ca kucotsa. Mukamupatsa mafunso ena makumi awiri a matrices, adzagwa pa malo omwewo kamakumi awiri.

Mnyamata wapatsidwa funso la probability: m'thumba muli mikanda 8, itatu ndi yofiira, atenga iwiri motsatizana osabwezeramo. Iye adziwa kuti ayenera kuculukitsa 3/8 ndi 2/7, koma cifukwa anazolowera kufuna-funa nambala yapansi yofanana monga pophatikiza, asocera asanafike pa 3/28. Ngakhale earth geometry imene ana amaiopa kwambiri ili ndi fraction mkati mwake. Katete ali pafupi ndi madigiri 14 kumwera kwa equator. Kupeza mtunda wocokera pa equator kudzafika kwathu kuno ndiko kutenga magawo 14 mwa magawo 360 a mzere wozungulira dziko lonse. Mwana amene amamvetsa "magawo akuti mwa akuti" watha kale theka la funsolo.

N'cifukwa cake ndikuti ola limodzi lothera pa fraction limabweza malikisi m'mitu isanu, pamene ola lothera pa mutu wolosera limabweza m'funso limodzi, ndipo funsolo mwina silibwera n'komwe.

Mau a m'funso

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza nchito yanu ya ciyankhulo. Kucokera mu 1966 ana a m'Zambia anali kuphunzira m'Cingerezi kuyambira Giredi 1. Ndondomeko ya Educating Our Future ya mu 1996 inatsegula njira yoti ayambe kuwerenga m'ciyankhulo cimene amadziwa, ndipo mu 2014 ziyankhulo zathu zinapatsidwa malo ophunzitsira mpaka Giredi 4. Malamulo amenewa akhala akusintha, koma cimodzi sicinasinthepo: mayeso a masamu a ku sekondale amalembedwa m'Cingerezi, pamene mwana wa ku Vubwi kapena ku Sinda amaganiza m'ciyankhulo ca kwao. Funso lililonse amayamba walimasulira mumtima asanagwire pensulo, ndipo malikisi ambiri amatayika pa kumasulirako.

Cingerezi cimati "3 less than x". Mwana amatsata mau mmene abwerera, nalemba 3 − x, pamene tanthauzo lake ndi x kucotsapo 3. M'Cinyanja timayamba ndi cinthu cimene tili naco, kenaka n'kuchula cocotsedwa. Cingerezi pano catembenuza. Mau akuti "at least" ndi "at most" amagwetsa ana ambiri pa inequalities ndi linear programming, koma mukawauza kuti loyamba ndi "osacepera" ndipo laciwiri ndi "osapitirira", nkhope zimawala, pakuti aliyense amadziwa kuti ngolo ili ndi malire a matumba amene singapitirire. Funso likati "find the difference", mwana womasulira kuti "kusiyana" amaganiza zofotokoza maonekedwe, osadziwa kuti akumuuza kucotsa. Ndiponso liu lathu loti "kufanana" limanyamula zinthu zitatu zimene masamu amazilekanitsa: "equal", "similar" ndi "congruent". Ndi udindo wanu kulipatula: izi n'zolingana, izi n'zofanana maonekedwe koma zosiyana kukula, izi n'zofanana maonekedwe ndi kukula komwe, moti cina cingagone pa cinzake osatsalako.

Musaope kufotokoza m'Cinyanja. Cofunika n'cakuti mukatha kufotokoza mubwerere ku mau a Cingerezi, mwana awanene ndi kuwalemba, pakuti m'cipinda ca mayeso inu simudzakhalamo.

Milu itatu

Nanga mudzadziwa bwanji cimene cikuvuta mwana amene ali pamaso panu? Musamufunse kuti, "Ndi mutu uti umene umakuvuta?" Adzachula umene uli ndi dzina loopsa. M'malo mwake mupatseni pepala loyamba la caka cina cam'mbuyo, alembe yekha kwa maola awiri. Mukaconga, musangowerenga malikisi. Gawani zolakwa zake m'milu itatu, monga mai asankha nshawa.

Mulu woyamba ndi wa mafunso amene sanamve cimene akumufunsa. Muwazindikira pomuuza kuti anene funsolo m'Cinyanja. Akalephera, vuto ndi mau. Mulu waciwiri ndi wa mafunso amene anayamba bwino nagwa panjira, pa fraction, pa cizindikiro kapena pa kugawa. Mulu wacitatu ndi wa mitu imene saidziwa konse, mwina cifukwa anadwala, kapena kalasi silinafikepo. Kawirikawiri mudzapeza kuti milu iwiri yoyamba ndiyo yaikulu, ndipo imeneyi mungathe kuithetsa inu, ngakhale simunaphunzitsepo ku sekondale.

Ngati patsala milungu isanu ndi itatu, ine ndingaigawe motere. Itatu yoyamba ipite ku mizati ija ndi ku mau a mafunso, tsiku lililonse pang'ono, kalikuleta ili m'thumba. Itatu yotsatira ipite ku mitu imene mwana amaidziwa mwatheka, monga sets, indices, matrices ndi magirafu, pakuti munda wolima kale sucedwa kupalira. Iwiri yomaliza asankhe mitu isanu ya m'gawo losankha lija, naiphunzire mozama, akumalemba mapepala athunthu wochi ili patsogolo. Mutu umene sanauonepo ukhale wotsiriza. Ngati nthawi yatha, ausiye osadandaula.

Zimene ena adzanena

Ena adzati mnyamata wa Giredi 12 sangavomere kubwerera ku masamu a Giredi 5, adzacita manyazi. Zoonadi, ndipo musamucititse manyazi. Musamupatse buku la ana aang'ono. Tengani funso la m'kalasi lake lomwe, ndipo mukafika pa fraction imani pomwepo, muikonze, kenaka mupitirire. Iye adzaona yekha kuti mwala umene umamupunthwitsa ndi umodzimodzi.

Ena adzati pali mitu yophweka imene mwana angaloweze masiku awiri napata malikisi. Sindikana; n'cifukwa cake ndaipatsa malo ake. Koma kuloweza kumagwira nchito pokhapo manja akudziwa kuwerengera. Khirediti imayambira pa 6 kutsika mpaka pa 1, ndipo imapezeka posonkhanitsa malikisi awiri apa, atatu apo, m'pepala lonse. Mwana amene amataya limodzi pa funso lililonse cifukwa ca cizindikiro amatsala panja, ngakhale ataloweza malamulo onse.

Kalasi lanu la mawa

Akulu anati mmera mpoyamba. Ana amene adzakhala pansi pamaso panu mu Giredi 3 ndi 4 ndiwo adzalemba mayeso amenewa zaka zikubwerazi. Kucokera pamene boma linacotsa malipiro a sukulu mu 2022 makalasi adzaza, ndipo ciyeso cothamanga kuti silabasi ithe n'cacikulu. Limbani mtima pa fraction, musathamange. Zipangizo muli nazo pakhomo. Lima ndi munda wa mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Malima anai apanga hekitala, motero lima ndi gawo limodzi mwa anai, ndiponso ndi 25 peresenti. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 ligawidwe pakati pa mabanja awiri, lina litenge magawo atatu, lina awiri: imeneyo ndi ratio, ndipo ana adzapeza okha 30 ndi 20. Ngongole ya pa kantemba ndiyo nambala ya negative: uli ndi ngongole ya K6, wabweza K4, watsala pati?

Funso lililonse lotere mwana alinene m'Cinyanja, alinenenso m'Cingerezi, kenaka alilembe m'manambala. Mukatero kwa caka cathunthu, mwana ameneyo akadzafika ku Katete Secondary kapena ku Chassa sadzayamba kufuna-funa mizati denga lili kale pamutu.