Kachipangizo kosadya magetsi ambiri: kodi kakukhudzani bwanji?

Mukatumiza ndalama pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, uthenga wanu suthera pa nsanja ya foni. Umapitirira mpaka ku makompyuta amphamvu otchedwa seva. M'kati mwa seva muli kachipangizo kotchedwa purosesa. Ndiko kamachita masamu onse.

Purosesa imadya magetsi ndipo imatentha. Zazikulu za kampani ya AMD zimafika mawati 500. Zimafuna chipinda chozizira ndi magetsi osazimazima. N'chifukwa chake nyumba zosungira maseva zimamangidwa pafupi ndi mizinda. Chitsanzo ndi ya Raxio ku Beluluane, pafupi ndi Maputo, yomwe inatsegulidwa mu 2024.

Koma Maputo ndi kutali ndi Angónia kapena Lago. Uthenga ukayenda mtunda wautali umachedwa, ndipo chingwe chikaduka panjira ntchito imaima. Tsopano makampani akufuna kuika maseva ang'onoang'ono pafupi ndi anthu, ngakhale patsinde pa nsanja. Pachingerezi njirayi amati edge computing.

Pamalo otere pamafunika purosesa yosadya magetsi ambiri. Intel inayamba kugulitsa Xeon D mu 2015. AMD inatulutsa EPYC 8004 mu 2023. Yaing'ono mwa izo sifika mawati 100, ngati babu limodzi lakale.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukukhudzani. Nsanja zomwe zili kutali ndi mawaya a EDM zimadalira sola, mabatire kapena jenereta ya dizilo. Makina akamadya magetsi ochepa, batire limakhalitsa usiku ndipo dizilo amachepa. Motero kampani ingathe kufika kumudzi komwe kale inkaona kuti kulibe phindu.

Komabe musayembekezere kuti mtengo wa intaneti utsika wokha. Zipangizozi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kampani ikapulumutsa ndalama za dizilo, ikhoza kungozisunga.

Boma linalonjeza magetsi kwa onse pofika 2030, ndipo bungwe la INCM ndilo limayang'anira makampani a mafoni. Inu muli ndi ufulu wofunsa. Pamsonkhano wa m'dera lanu funsani kuti nsanja yanu imayendera chiyani, ndipo imazima kangati pa mwezi. Lembani masiku omwe netiweki yasowa. Dandaulo lokhala ndi masiku limamveka msanga ku kampani ndi ku INCM.