Giza Yakale Isatayidwe, Ipatsidwe Dzuwa

M'matauni a migodi a chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, monga Zvishavane, Shurugwi ndi Redcliff, muli nyumba zimene makampani anamanga kalekale, zokhala ndi giza yamagetsi m'denga. Magetsi akazima, madzi osamba amatenthetsedwa pa nkhuni. M'chaka cha 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Nkhunizo zimadulidwa m'minda ndi m'malo odyetsera ziweto, choncho nkhaniyi ikuwakhudza alangizi a zaulimi.

Chaka chomwecho boma linaika lamulo, Statutory Instrument 235, lakuti nyumba zatsopano zizikhala ndi magiza oyendera dzuwa. Koma nyumba zakalezi ndizo zikufunika nzeru. Kuchotsa giza yabwinobwino n'kuwononga ndalama. Mmisiri angathe kuika chokolera dzuwa padenga, choyang'ana kumpoto, n'kuchilumikiza ku thanki yakale ndi mapaipi awiri. Popeza madzi otentha amakwera m'mwamba, thanki ikakhala m'munsi mwa chokoleracho pamafunika kapampu kakang'ono kowayendetsa. Mbali ya magetsi isiyidwe kuti izithandiza masiku a mitambo.

Chenjezo ndi lakuti m'miyezi ya June ndi July chisanu cha kumeneko chimaumitsa madzi n'kuphulitsa mapaipi. Mapaipi akutidwe bwino, ndipo chokolera chikhale chopirira chisanu.

Mlangizi wophunzitsa kusamala mitengo asaiwale denga la m'tauni, pakuti nkhwangwa imatumidwa kuchokera kumeneko.